Ndinapita Nayo Ndekha Kadi ya Nachisale

Ndinatuluka pageti cha m'ma seveni m'mawa, Mphatso ali m'bafa kusambitsa mayi ake. Sindinatsanzike. Ndikanatsanzika akanandiletsa, ndipo ine sindinazolowere kupempha chilolezo kwa munthu amene ndinamuphunzitsa kumanga zingwe za nsapato. Ndinavala jekete langa la bulawuni, tayi ndi chipewa. M'thumba la m'kati munali envulopu. Mu envulopumo munali kadi ya kamera ndi kabokosi kosungiramo kanema, kamene Mphatso amakatchula kuti diraivi.

Mphatso ndi mwana wanga wachitatu. Amajambula makanema a bungwe lina la mpingo kuno ku Nairobi, ndipo amakhala ku Rongai. Anatitenga kumudzi chifukwa cha mayi ake, a Nachisale, amene mutu wawo unayamba kutaya zinthu. Anayamba ndi kuiwala mchere. Kenako njira ya kumjigo. Kenako ine. Masiku ambiri amanditchula kuti abambo aja, ndipo amandipatsa ulemu wonse wa mlendo.

Lamulungu masana anadzuka kutulo, n'kundiyang'ana, n'kunena kuti, “Yelemiya, tsitsi limenelo wakumetani ndani? Mumubwezere.” Mphatso anataya mbale imene ankatsuka. Anali ndi kamera yobwereka imene anagwiritsa ntchito Loweruka, ndipo kadi imodzi inali yosajambula. Anaimika kamera pabalaza. A Nachisale anayankhula mpaka tiyi anazizira m'makapu. Pofika madzulo chitseko cha m'mutu mwawo chinatsekekanso, ndipo ndinabwerera kukhala abambo aja.

Kamera imeneyo si ya pa zinkhoswe. Ndi ya mafilimu enieni, yolemera ngati mwana wa mbuzi, ndipo kadi yake siilowa mu foni kapena mu laputopu. Imafuna kabokosi kakekake kowerengera, kamene iwo amati rida. Umalowetsa kadi mu rida, rida n'kukhuthulira kanema mu diraivi. Popanda rida, kadiyo ili ngati nkhokwe yodzaza imene sanaiikire khomo. Rida imene inabwera ndi kamerayo inafa madzulo omwewo. Inkayaka, kuzima, kuyakanso, kenako zii. Eni ake, a sitolo yobwereketsa zida ku Westlands, anatuma munthu kudzatenga katundu wawo. Mphatso anawachonderera kuti kadi imodziyo itsale. Anavomera, koma anati ifike Lolemba asanatseke, chifukwa Lachiwiri ikupita kutchire ndi anthu ojambula nyama. Kadi ikabwerera kwa eni ake amaifufuta. Ndiwo moyo wake: kudzaza, kukhuthula, kufufuta.

Lolemba lomwelo Mphatso ankayenera kupita ndi mayi ake kwa dokotala amene tinamudikira nthawi yaitali. Ndiye anati envulopu aipereka kwa wa njinga yamoto, akaisiye ku sitolo, a sitolo akakhuthule okha. Ine ndinati ayi. Ndinagwira ntchito ya umesenjala pa boma kwathu mpaka kupuma. Katundu amene sangapezekenso sindimupereka kwa munthu amene sindikudziwa kwawo.

“Ndiye titani, ababa? Inu simutuluka nokha. Mwaiwala kuti munasochera kumsika kuja?”

“Sindinasochere. Ndinachedwa.”

Anaseka, n'kulowa m'bafa. Kusekako n'kumene kunandiveka jekete.

Siteji ya matatu ili pamsewu waukulu wa Rongai. Matatu ndi minibasi za kuno, koma za ku Rongai n'zazikulu, zojambulidwa nkhope za oimba ndi osewera mpira, ndipo m'kati mwa imodzi muli mawailesi a kanema ochuluka kuposa a m'mudzi mwathu monse. Kondakitala, amene kuno amati makanga, anandigwira pachigongono ngati ndine dzira. Ndinachotsa dzanja lake. Ndinati Railways, siteji ya m'tauni, iye anati handiredi. Ndinamupatsa mashilingi akewo osanenerera, chifukwa tsikulo sindinadzukire kukangana ndi ana a eni.

Nyimbo zinkagunda m'nthiti. Ndinakhala pawindo, dzanja lili pachifuwa pamene panali envulopu. Mayi wina wovala za ku ofesi amene anakhala pambali panga anandiyang'ana kangapo, kenako n'kundifunsa m'Chizungu. Chizungu changa ndi cha pa boma, chachifupi koma chimafika. Anayamba ndi Mzee, mmene kuno amaitanira munthu wachikulire.

“Mzee, mtima ukupweteka?”

“Ayi, mayi. Ndanyamula katundu.”

Anayang'ana manja anga opanda kanthu, n'kusendera kumbali pang'ono.

Pamsewu wa Magadi magalimoto anaima ngati afika. Kumanja kuli mpanda wa nkhalango ya nyama. Anyani anakhala pampandapo n'kumatiyang'ana mwachifundo, ngati otsekeredwa ndife. M'pamene ndinatsegula envulopu kuti ndione katundu wanga, monga mesenjala aliyense amachitira akakhala pansi. Diraivi inalimo. Kadi inalimo. Koma kadiyo inalibe tepi.

Mphatso anandifotokozera kale lamulo la ntchito yawo. Kadi yodzaza imene sanakhuthule amaimata tepi yofiira. Yokhuthula kale amaimata yobiriwira. Munthu wa ntchitoyi akaona yofiira amabweza dzanja. Akaona yobiriwira, kapena yopanda kanthu, amafufuta osafunsa. Ndinamuona ndi maso anga akumata yofiira Lamulungu madzulo. Koma envulopu inagona patebulo, ndipo a Nachisale masiku ano amasenda chilichonse chomatidwa: mapepala a pamabotolo, mitengo ya pasopo, ngakhale pulasitala wa pachala chawo. Ndinakumbukira kuti m'mawa ndinaona kachidutswa kofiira pachitenje chawo, ine n'kumayesa duwa la nsaluyo. Kadi imeneyi ikanapita ndi wa njinga yamoto, ikanafika ku sitolo yopanda chizindikiro, ndipo pofika masana bwenzi ili mbee.

Foni inalira tisanafike pamsewu wa Langata.

“Ababa, muli kuti?”

“Mu matatu.”

“Envulopu ili kuti?”

“Ili pamene iyenera kukhala.”

“Ababa, chonde tsikani. Mankhwala a shuga simunamwe. Mukagwa mumsewu ndithamangira kwa ndani, inu kapena amayi?”

“Ndamwa. Iwe pita ndi mayi ako kuchipatala. Dokotala sadikira.”

“Simukudziwa n'komwe kumene sitoloyo ili!”

“Walemba wekha pa envulopu. Ndinafika Sitandade Sikisi, ndimawerenga.”

Ndinadula. Inaliranso, ndinaisiya ilire. Ndi nyimbo za m'matatumo panalibe amene inamusokoneza.

Tinafika ku Railways dzuwa litakwera. Anthu a m'tauni ya Nairobi amayenda ngati aliyense wasiya ndiwo pamoto. Ine ndinayenda mayendedwe anga, iwo n'kumandilambalala. Pakhonde la sitolo ina bambo wina anayala nsalu pansi n'kuikapo mabatire, maloko ndi matepi a magetsi amitundumitundu. Ndinaloza yofiira. Anati fifite. Ndinagula. Kenako ndinalowa m'kanyumba ka tiyi, ndinaitanitsa tiyi wamkaka ndi mandasi awiri. Mandasi a kuno ndi a makona atatu, otupa mochititsa ulemu, koma ukawaboola m'kati muli mphepo yokhayokha. Patebulo pomwepo ndinagwira ntchito yanga. Mphatso amamata kachidutswa kamodzi, ndipo kachidutswa kamodziko n'kamene kanasendedwa. Ine ndinakulunga monga ndinkakulungira chigwiriro cha njinga ya boma, uku ndi uku, chopingasa ndi chotsika, mpaka kadi inasanduka ngati kasopo kofiira. Ndinati tione amene angasende imeneyi.

Matatu a ku Westlands ndinawapeza pofunsa anthu atatu. Awiri analoza kosiyana, wachitatu anandiperekeza. Ulendo wake ndi waufupi, mashilingi fifite. Sitoloyo ili m'nyumba yosanja ya magalasi okhaokha. Mlonda anandipapasa ndi kachitsulo kolira, n'kupempha chiphaso. Ndinamupatsa pasipoti.

“Mwachokera kutali, Mzee.”

“Ku Rongai.”

“Ndi kumene ndikunenako,” anatero, n'kuseka yekha.

M'katimo munali mashelefu a makamera, nyali ndi masutikesi akuda. Pakauntala panali mbale ziwiri za pulasitiki, yofiira ndi yobiriwira, zonse zili ndi makadi. Kuseri kwake kunaima bambo wa ndolo kukhutu limodzi, dzina lake Kevo.

“Ndinu bambo ake a Mphatso? Wandiimbira kale. Akuti ndikukhazikeni pansi, ndikupatseni madzi, ndipo ndisakuloleni kutuluka.”

“Amalamula kunyumba kwake. Pano ayi. Rida ili kuti?”

Anandifotokozera kuti ma rida a mtundu wa kadi imeneyi ali nawo awiri okha. Imodzi ndi imene inafera kwathu. Inayo ili ku Ruaka kwa mayi wina dzina lake Wambui, amene ntchito yake ndi kukhuthula makadi a anthu ojambula filimu, ndipo aibweza mawa masana.

“Ndiye siyani kadiyo m'mbale yofiirayi, Mzee. Ndiyesetsa.”

“Uyesetsa chiyani rida palibe?”

“Ndiimba mafoni. Alipo ena amene ali nawo.”

“Akapanda kuyankha?”

Anakanda ndevu. Anali munthu woona mtima, zimenezo ndisamumane. “Ojambula nyama aja anyamuka mbandakucha, ndipo anabwereka makadi onse a mtunduwu. Ndikalephera, bwana wanga adzasenda tepiyo yekha.”

“Ndiye ndikupita ku Ruaka.”

“Mzee, kadiyo ndi yathu. Yafika, siingatulukenso.”

“Kadi ndi yanu. Zili m'katimo ndi za akazi anga. Munati ifike musanatseke. Mwatseka?”

“Ayi, koma…”

“Ndiye sinafike.”

Sindinaitulutse n'komwe m'thumba. Kevo anandiyang'ana, anayang'ana khomo, ndipo ndikuganiza kuti anayerekeza mmene zingaonekere atalimbana ndi nkhalamba ya tayi pamaso pa makasitomala. Anatenga foni. Anayankhula Chiswahili chothamanga, akumaseka pakati. Atamaliza anati Wambui wavomera, koma ali ndi ntchito yake, ndikadikire. Anatinso ndikakwera matatu ndikafika Khirisimasi. Anatsika nane mpaka pamsewu, anaitana wa njinga yamoto, imene kuno amati boda, n'kumulongosolera nyumba. Tinagwirizana firii handiredi. M'mawa uja ndinakana kuti kadi ikwere boda yokha. Sindinanene kuti siingakwere ndi mesenjala wake.

Chisoti chimene anandipatsa chinkanunkha mitu ya anthu ambiri. Chipewa changa ndinachipanira kukhwapa. Tinadutsa nyumba za mipanda yaitali, za mitengo yambiri koma zopanda munthu pakhonde, kenako msewu wotakata wotsika ndi kukwera. Woyendetsa ankalowa pakati pa magalimoto pamene ine sindikanalowetsapo wilibala. Ndinamumenya paphewa.

“Sindikuthawa apolisi. Chepetsa.”

Anachepetsa mpaka pakona yotsatira. Dzuwa linali litafika pamutu, ndipo jekete linkandiwotcha pachifuwa. Sindinavule.

Ruaka ndi tauni imene ikumangidwa anthu ali kale m'katimo. Nyumba zosanja zathithikana, zovala zayanikidwa m'mwamba, pansi fumbi ndi mchenga wa omanga. Wambui amakhala pamwamba penipeni, ndipo chikepe chinali chakufa. Ndinakwera masitepe. Ndinapuma kawiri, koma panalibe wondiona.

Anatsegula mayi wa msinkhu wa Mphatso, wamfupi, wa magalasi, wosaseka msanga. Ndinamukonda chifukwa cha zimenezo. Chipinda chake chinali cha makatani otseka, tebulo lalitali, kompyuta ya magalasi awiri, ndi madiraivi osanjikizana ngati njerwa. Ndinafunsa kuti rida ili kuti. Analoza. Ndinkayembekezera chimakina. Ndinaona kabokosi kakuda kokwana m'chikhatho, ka kakamwa kamodzi, kachingwe kamodzi ndi kanyali kophethira. Tsiku langa lonse linali pa kanthu kameneko.

“Musakhudze tebulo,” anatero. “Muli kadi ya anthu ena. Chingwe chikagwedezeka ndiyambiranso. Yanu ili kuti?”

Ndinatulutsa. Anaitembenuza m'manja.

“Ichi n'chiyani?”

“Kadi.”

“Wakulunga chonchi ndani?”

“Ine. Yofiira, monga mwa lamulo lanu.”

“Tepi yathu ndi ya pepala, Mzee! Siisiya ulimbo. Iyi ndi ya magetsi, ndiye mwayenda nayo padzuwa!”

Anatenga lezala n'kuyamba kudula mosamala. Tepi inkamatuka ikukoka timitsitsi ta ulimbo. Kutentha kwa m'thumba kunali kutausungunula, ndipo unalowa m'kamphako ka kumapeto kwa kadi, mmene muli timano timene timakhudzana ndi rida. Wambui anaiika pansi pa nyali, anayang'ana nthawi yaitali, n'kuikankhira kwa ine.

“Iyi siilowa mu rida iyi. Ulimbo ukamata m'katimo rida yafa, ndipo ntchito ya anthu amene andilemba yaima. Ina ya mtunduwu sindingaipeze lero. Pepani.”

Ndinakoka mpando n'kukhala. Chipewa ndinachiika pabondo.

“Ndati pepani, Mzee.”

“Ndamva. Ndikupumula.”

“Mupumula mpaka liti?”

“Mpaka ilowe.”

Anabwerera ku kompyuta yake ngati palibe munthu. Ine ndinakhala. Kudikira ndimakudziwa. Ndinadikirapo pamabenchi a akuluakulu amene ankadutsa osandipatsa moni, ndipo palibe amene ndinachoka asanasaine. Patapita nthawi anayankhula osatembenuka.

“Muli chiyani m'kadimo? Ukwati?”

“Akazi anga akunditchula dzina.”

“Basi?”

“Analiiwala kalekale. Dzulo analikumbuka. Lero aliiwalanso.”

Anatsegula dirowa, anatulutsa kabotolo ka sipiriti, timitengo ta thonje kunsonga, ndi galasi lokuzira zinthu. Anayamba kupukuta kano ndi kano, akung'ung'udza m'chiyankhulo cha kwawo. Mawuwo sindinawamve, koma ndinadziwa kuti akunena ine. Sindinapepese. Tepi yaing'ono inasendedwa, yanga sinasendedwe. Koma ndinakhala chete, ndipo amene amandidziwa angakuuzeni kuti kwa ine zimenezo n'zambiri.

Atamaliza anati iume kaye, ndipo kadi ya anthu ena ija ithe. Anandiuza kuti nditsike ndikadye pakanyumba ka pansi. Ndinati kumene kuli kadi ndi kumene ndili. Anapukusa mutu, anaimba foni, ndipo anatibweretsera chapati ndi nyemba. Nyemba zinali bwino. Chapati ndi chakudya cha munthu amene sakalima masana. Ndinadya zonse.

Dzuwa litapendeka, kanyali ka rida kanasiya kuphethira. Wambui anatulutsa kadi ya eni, anaimata yobiriwira, n'kutenga yathu. Anaiyang'ananso pagalasi lija. Anailowetsa. Kanyali sikanayake. Anadikira. Sikanayake. Anaitulutsa.

“Bweretsa ndipemerere,” ndinatero. “Ndi mmene tinkachitira ndi mapulagi a galimoto.”

“Mukaiyandikiza pakamwa ndikutulutsani m'nyumba muno, imvi zanuzo.”

Anapukutanso pakona pamene panatsalira kadontho. Anadikira kuti paume. Ndinaganiza za mbale yobiriwira ya Kevo. Ndinaganiza za mmene ndingalowere pageti la Mphatso ndi envulopu yomweyo, nditawononga ndi manja anga chinthu chimene ndinakaniza wa njinga yamoto. Wambui anailowetsanso, anakankha ndi chala chachikulu mpaka inati kwe. Kanyali kanayaka. Kanaphethira. Pagalasi la kompyuta panatuluka mzere wa timabokosi.

“Ilipo,” anatero, n'kupumira m'mwamba. Ndinazindikira kuti nayenso sankapuma.

Analumikiza diraivi ya Mphatso. Kamzere kobiriwira kanayamba kukwawa ngati nkhono. Katafika kumapeto ndinaimirira.

“Khalani pansi. Tsopano makina akufananitsa zimene zalowa mu diraivi ndi zimene zili m'kadi, kachidutswa ndi kachidutswa. Ikatha imeneyo ndikopera kwanganso. Kanema amene ali pamalo amodzi ife timamuyesa kulibe.”

“Atseka ku Westlands.”

“Atseke. Kadi siichoka pano ndisanatsimikize.”

Aka kanali koyamba tsikulo kuti munthu andilamule ine n'kumvera. Lamulo lake linali lolondola.

Zonse zitatha anati basi, zili malo awiri. Ndinati sindinaone. Mesenjala sachoka asanaone kuti chimene wapereka n'chomwecho. Anadina. A Nachisale anatuluka pagalasi, atakhala pampando wa pabalaza pa Mphatso, koma otuwa ngati awawaza phulusa.

“Mwawononga. Akazi anga si otuwa chonchi.”

“Makamera amenewa amajambula motuwa dala. Mitundu timaika pambuyo.” Anadina pena. Chitenje chinabwerera chikasu chake, nkhope inabwerera magazi. Anakweza mawu.

“Yelemiya uyu,” a Nachisale ankatero, akuloza kumbali kumene ndinakhala, “anabwera kwathu ndi jekete lobwereka, manja ake kulekeza apa.” Anadzigwira pakati pa mkono. “Amayi anati, mwamuna ameneyu alibe kanthu, koma taonani kuimako, ngati mtengo wa mbendera. Ine ndinati ndiye ameneyo. Mpaka lero sanaphunzire kupinda.”

Kenako ndinamva mawu anga ali kuseri kwa kamera. “Jekete linali langa.”

“Bodza! Linali la mnzanu Sitefano!” Anaseka mpaka kugwira mpando.

Wambui sadziwa Chichewa. Anandifunsa kuti akuti chiyani.

“Akunama za jekete,” ndinatero.

Anaimitsa kanema. Sanandiyang'ane, ndipo zimenezonso ndinamuyamikira. Anatulutsa kadi, anaimata kachidutswa kamodzi kobiriwira. Ndinatulutsa chikwama, iye anati ndibweze. M'malo mwake anandipatsa kampukutu kotsalira ka tepi yofiira ya pepala.

“Ya magetsiyo mukamangire mawaya.”

Boda yobwerera sindinaiuze kuti ichepetse. Ndinafika ku Westlands Kevo akuzimitsa nyali za m'mashelefu. Ataona yobiriwira anaomba m'manja, n'kundiyandikizira mbale. Dzanja langa linachedwa. Ndinkadziwa kuti zili mu diraivi m'thumba mwanga, zilinso ku Ruaka. Komabe kadi imeneyo ndi imene inali m'chipindamo pamene ankanditchula. Kevo sanandifulumizitse. Ndinaiika ndekha.

“Yafika tsopano,” ndinatero.

Matatu a ku Rongai madzulo amakwera mtengo, ndipo amayenda ngati maliro. Anyani aja anali atapita kukagona. Ndinafika kukuyamba mdima. Mphatso anali pageti, manja m'chiuno, nkhope ya mayi ake ali mtsikana.

“Mukudziwa mafoni amene ndaimba lero, ababa?”

Ndinamupatsa diraivi. “Ina ili kwa Wambui ku Ruaka. Ukaona umuimbire.” Ndinamupatsanso kampukutu kofiira kaja. “Ndipo envulopu usamaisiye patebulo. Mayi ako amasenda.”

Anayang'ana tepi, anayang'ana diraivi. Ndi mwana wanga, sanalire pageti.

“Musadzabwerezenso.”

“Pakadzafunika ndidzabwereza.”

Paulendowu ndinaphunzira kuti tepi ya magetsi siigwirizana ndi dzuwa, ndiponso kuti chinthu chimene sungachipezenso uzichisunga malo awiri. Zoti ndizikhala pakhomo sindinaphunzire.

A Nachisale anali pabalaza, pampando womwe uja, akusenda pepala la pabotolo la jamu. Ndinavula chipewa.

“Mwaswera bwanji, mayi?”

“Ndaswera, kaya inu. Mukufuna ndani, bambo?”

“Ndine mesenjala. Ndabweretsa katundu wanu.”

“Ikani apo.” Anandiyang'ana kuyambira kunsapato mpaka patayi, n'kugwedeza mutu movomereza. “Amuna anga nawonso ndi mesenjala, pa boma. Sanabwere. Koma musade nkhawa, iwowo sasochera. Amangochedwa.”

Ndinayang'ana Mphatso amene anaima pakhomo. Anayang'ana kumbali. Ndinakoka mpando, ndinakhala pafupi nawo, n'kudikira nawo amuna awowo.